Nyuzipepala Pamwala wa Mpongozi Wanga

Mwalawo unafika Lachiwiri m'mawa, utaimikidwa chammbali m'lole ngati galasi la zenera, amuna anayi ataugwira uku ndi uku. Ine ndinaima pakhonde n'kumawauza kuti asamale zala za kumapazi, poti awiri mwa iwo anangovala masilipasi. Palibe anandimvera. Pakhomo pano ndi mmene zimakhalira: ine ndimachenjeza, iwo amaseka, chinthu chikachitika n'kumati ndi tsoka.

Ndimakhala kwa mwana wanga wamwamuna chimwalirireni bambo ake, ndipo chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi. Mwana wangayo tonse timamutchula kuti a Tiona, chifukwa chilichonse chimene ungamufunse yankho lake ndi lomwelo. Mkazi wake, mpongozi wanga, amagwira ntchito ya mu ofesi, ndipo Loweruka amaphika makeke a maoda. Adzukulu anga awiri ali kusukulu yogonera konko. Choncho masana onse nyumba imatsala ndi ine, makamaka khitchini. Mmenemo ndimadziwa poto amene chivundikiro chake chimapulumuka, mpeni umene chigwiriro chake chikugwedera, ndi pamene pamaterera pakangogwa dontho limodzi. Munthu wa msinkhu wangawu, ukamakhala m'nyumba ya mwana wako, umafunika kukhala ndi chipinda chimodzi choti iwe ukadwala anthu asowe pogwira. Changa ndi chimenecho.

Mwalawo amati mabo. Ndi woyera ngati mkaka, uli ndi mizere yotuwa yoyenda ngati misempha ya padzanja langali. Mpongozi anausirira kwa mnzake wa kuntchito, ndipo anati ufa wa makeke umakandika bwino pamenepo chifukwa mwalawo umakhala wozizira. Mmisiri amene anabwera ndi mwalawo, anzake amamutchula kuti a Fumbi, bambo wamfupi, wa mutu woyera moti sindinadziwe ngati zinali imvi kapena ntchito. Anauyala pamwamba pa makabati, n'kuumata ndi guluu, bowo la sinki litabooledwa kale kumalo kwawo.

"M'mphepetemu mukufuna mukhale motani, mayi?" anafunsa a Fumbi.

Mpongozi anawaonetsa chithunzi pafoni. "Mowongoka chonchi, mwa kona. Musiye mmene mulilimu, mungowalitsa."

Ine ndinayendetsa chala m'mphepetemo. Munali mwakuthwa moti ukhoza kusendera mbatata.

"Uwu ndi mpeni wogonekedwa pakabati," ndinatero. "Ana akabwera ku holide amathamangitsana muno. Wina adzang'ambika chipumi, mudzandikumbuka."

"Amayi, inu ngakhale pilo mumati angaphe munthu."

"Sanapheko munthu pilo?"

A Fumbi anaseka mpaka kutsokomola. "Agogo akunena zoona, koma ine chifukwa changa ndi china. Mabo ndi wolemera koma ndi wofewa. Kona yakuthwa sichedwa kubenthuka. Poto kungogunda pang'ono, kachibenthu kagwa. Ndiloleni ndipale m'mphepetemu mukhale mobulungira ngati msana wa supuni."

Mpongozi anayang'ana mwamuna wake. Mwamuna wake anati tiona. Ndiye anavomera yekha, koma nkhope inaonetsa kuti sanakonde zoti nkhalamba ndi mmisiri agwirizane m'khitchini mwake.

A Fumbi anati guluu ayambe wagwira, iwo adzabweranso Lachisanu kudzapala m'mphepete ndi kupaka mankhwala. "Panopa mwalawu uli maliseche," anatero akumanga chikwama. "Uli ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndiye umamwa chilichonse: mafuta, tiyi, madzi a nyama. Ndimu, tomato ndi viniga ndiye zimachita kuudya. Mpaka nditatseka timabowoto, pasakhale kanthu pamenepa."

Lachitatu m'mawa ndinkayanika tinsalu topukutira mbale kuseri, pansi pa zenera la kuchipinda kwawo. Sindinapite kukamvetsera. Chingwe chili pamenepo, sindine ndinachimanga.

"Ndapeza mayi wina wantchito," anali mawu a mpongozi. "Ayamba mwezi wamawa. Amayi apume."

"Akuuza kuti atopa?"

"Nkhani si kutopa. Mwala uja ukufuna munthu wotha kuwerenga zimene zalembedwa pabotolo. Amayi amazindikira mankhwala poona mtundu wa botolo. Tsiku lina akadzasintha mabotolo kusitolo, adzathira mankhwala a kuchimbudzi pamwala uja. Ndiye tidzati chiyani?"

"Tiona."

Ndinaima ndi kansalu konyowa m'manja. N'zoona, sindiwerenga. Kusukulu sindinapondeko, ndipo mabotolo ndimawadziwa ndi mtundu komanso fungo. Koma kupuma kumene ankanenako ndimakudziwa. Ndinawaona anzanga amene anauzidwa kuti apume: mpando pakhonde, wailesi pambali, kudikira kuitanidwa kuti chakudya chapsa. Pakatha miyezi itatu miyendo imatupa, pakatha chaka anthu amayamba kulankhula za iwe uli pomwepo.

Masana a tsiku lomwelo awiriwo ananyamuka. Mng'ono wake wa mpongozi anali atachira kuchipatala cha kutali ndithu, ndipo anati abwerako Lachisanu madzulo. Ndinawauza kuti asathamange pamsewu, asadye za m'njira, ndipo wakhandayo asamupsompsone ndi chimfine cha a Tiona chija. Galimoto itatuluka ndinatseka geti n'kukaima pamaso pa mwala uja.

Ndinati mumtima, aone okha ngati kusamala chinthu kumafuna sukulu.

Ndinayang'ana kudenga, ndinaona buluzi. Ndinayang'ana pazenera, ndinaona ntchentche ziwiri. Fumbi la pamsewu nalo limalowa ngakhale utatseka. Mwala wamaliseche sungakhale pamtetete masiku awiri. Ndinatenga kansalu koyera, ndinaupukuta ndi madzi ambiri, kawiri konse. Kenako ndinakatenga mulu wa nyuzipepala zakale za mwana wanga n'kuziyala pamwamba mwalawo usanaume, kuti fumbi lisapeze mpata. Pamwamba pa nyuzipepalazo ndinayala pulasitiki ya pathebulo, n'kutsindira ndi mapoto opanda kanthu kuti mphepo isaulutse. A Fumbi anati pasakhale kanthu, inde, koma ine ndinati pepala si kanthu, pepala ndi chofunda. Masiku awiriwo ndinkadulira ndiwo pa kathebulo ka pakhomo, ndipo podutsa pafupi ndi mwalawo ndinkapinda zigongono.

Lachisanu ndinalawirira kuti ndivundukule mmisiri asanafike. Ndinachotsa mapoto, ndinachotsa pulasitiki. Kunsi kwake kunali thukuta. Nyuzipepala zinali zitakakamira, ndinachita kuzisenda ndi chikhadabo.

Zilembo zinatsalira pamwala. Mizere ndi mizere, ngati nyerere zafola kuchokera ku sitovu mpaka kuzenera. Ndipo pambali pa sinki panali nkhope ya munthu, bambo wonenepa wovala tayi, akumwetulira.

Ndinathira sopo wa mbale n'kupukuta, bamboyo osasuntha. Ndinatenga waya wokwechera mapoto n'kumukwecha pachipumi. Chipumi chinayera pang'ono, koma nditapendeka mutu ndinaona kuti pamene ndakwechapo pasiya kuwala, pachita mbuu ngati diso la ng'ala. Ndinataya wayayo.

Kenako ndinagwada n'kutsegula kabati ya pansi pa sinki. Munali mabotolo asanu. Lachikasu ndi la mbale, labuluu ndi la mawindo, loyera ndi la zovala, lofiira ndi la pansi. Lachisanu linali latsopano, lobiriwira, lokhala ndi chopopera. Ndinali nditaonapo lofanana nalo kwa aneba likuchotsa zoyera zouma zija za pampopi, kungopopera kamodzi mpopi mbee. Ndinati limeneli ndiye lingamuchotse bamboyu. Ndinalitsegula n'kununkhiza. Linandilasa m'mphuno ngati ndimu wosapsa. Ndinaliloza pankhope paja, chala chili pachopopera, koma sindinapopere. Chinthu chimene sindikuchidziwa sindichithira pa chinthu chimene ndachiwononga kale. Ndinalitseka n'kulibwezera.

A Fumbi anagogoda nthawi ya tiyi. Analowa, anaika chikwama pansi, anayang'ana mwala, anayang'ana ine, anayang'ananso mwala.

"Agogo, bwanawa abwera liti? Mwawapatsa tiyi?"

"Musaseke, bambo. Ine pano zanga zada."

Anavala magalasi n'kuwerama. Anafunsa zimene ndinachita, ndinawauza zonse, ndi za waya zomwe. Anafunsa ngati ndathirapo mankhwala ena alionse. Ndinatulutsa botolo lobiriwira lija, ndinati ili ndinangotsala pang'ono. Analitembenuza, anawerenga kumbuyo, n'kuimba kamluzu.

"Mukanapopera ili, lero tikanalira maliro. Inki ili m'timabowo, tiyesa kuikoka. Koma ili limadya mwala weniweniwo, silibweza."

Ndinawauzanso zimene ndinamva pazenera zija, sindikudziwa chifukwa chake. Mwina poti anali mlendo. Anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Tikhoza kunena kuti ndine ndinati muphimbe," anatero. "Ine kukalipiridwa ndinazolowera."

"Ayi. Ine ndikanama mphuno imachita thukuta, mwana wanga amadziwa kuyambira ali wamng'ono. Komanso inu muli ndi ana odyetsa, musadzipake zanga."

Anapita kugalimoto n'kubwera ndi ufa woyera ngati choko ndi botolo la bulauni. Anati madzi a m'botolomo ndi achibale a mankhwala aja otsukira zilonda amene amachita thovu, kungoti awa ndi aukali. Anasakaniza m'kambale mpaka zinalimba ngati mankhwala otsukira mano, n'kumata pa zilembo zonse ndi pankhope paja, kuchindikala kwake ngati chala. Kenako anaphimba ndi pulasitiki yopyapyala, anamata m'mbali ndi tepi, n'kuboola timabowo ndi singano.

"Phalali likamauma limakoka inki kuchokera m'kati. Masiku awiri, osalikhudza."

"Ndiye inunso mukuphimba ndi pulasitiki? Ine ndalakwa chiyani?"

"Yanga ili ndi mabowo, agogo. Yanu munachita ngati mukuvundikira nthochi kuti zipse."

Poti anali atabwera kale, anati apaliretu m'mphepete. Anatulutsa makina ogwira pamanja, okhala ndi kambale kozungulira kutsogolo, ndi timbale tina tisanu ndi tiwiri, koyamba kokhakhala ngati lilime la mphaka, komaliza kosalala ngati tsaya la mwana. Anati mwala supalidwa wouma, fumbi lake limakhala m'chifuwa, ndiye ankathira madzi pang'onopang'ono kuchokera m'botolo loboola pachitsekero. Nditaona madzi akuyenderera pansi ndipo chingwe cha magetsi chili pomwepo, ndinakuwa kuti azimitse. Ndinakoka mipando iwiri n'kukoleka chingwecho m'mwamba.

"Zaka makumi awiri ndikugwira ntchito imeneyi, agogo."

"Magetsi sadziwa zaka zanu."

Anayamba ndi kambale kokhakhala, kudya kona ija kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, dzanja osaima malo amodzi kuopa kukumba chigwa. Madzi ankatsika oyera ngati mkaka, ine ndikukolopa pambuyo pawo. Akamaliza ulendo umodzi ankasintha kambale, kupukuta, kuyendetsa chala, n'kuyambiranso. Anati ukadumpha kambale kamodzi, mikwingwirima ya koyamba kaja imadzaonekera pomaliza, ndiye umabwerera poyambira. Pofika kachisanu ndi chiwiri m'mphepetemo munkaoneka zenera.

"Gwirani mumve," anatero monyadira.

Ndinagwira pamwamba, posalala. Ndinapisa chala kunsi.

"Kunsi kuno mwasiya mano."

"Kumeneko sikuoneka. Amagwirako ndani?"

"Wopukuta. Ndi mwana wofuna kukwera."

Anandiyang'ana, anapisa chala chawo, n'kubwezeretsa kambale kachitatu pamakina.

Eni nyumba anafika dzuwa likulowa. Ndinawalandira zikwama, ndinafunsa za wakhanda, ndipo mpongozi asanavule nsapato ndinati, "Mayi, tiyeni kukhitchini, ndalakwa."

Ndinafotokoza nditaimirira. Iye anayang'ana phala loyera lija ndi matepi, anatambasula dzanja kuti asuzumire, ndinati a Fumbi aletsa. Anabweza dzanjalo n'kulipinda pachifuwa.

"Masiku awiri okha, Amayi. Mwala sunaphikirepo ngakhale tiyi."

"Ndikudziwa."

"Anakuuzani ndani kuti muyale nyuzipepala?"

"Palibe. Ndinamva zimene munkanena Lachitatu, ndili pachingwe. Ndinafuna muone kuti ndingathe kuusamala."

Mwana wanga anayamba kufunafuna makiyi amene anali m'manja mwake. Mpongozi anati, "Ndiye mwaonetsa," n'kupita kuchipinda. Loweruka limenelo anakandira makeke ake pathebulo lodyera, ndipo sanandipemphe kuti ndimuswere mazira ngati mwa masiku onse.

Lamulungu masana a Fumbi anabwera kudzamatula. Phala linali litauma gwa, lotuwa kunsi kwake. Analipala ndi kathabwa, osati chitsulo. Zilembo zinali zitapita. Bambo uja nkhope inali itapita, koma tayi inatsala. Anamatanso phala pa tayiyo n'kunena kuti Lachiwiri.

Lachiwiri mpongozi anapempha kuntchito kuti alowe masana. Tayi inali itasanduka kamthunzi kotuwa, koti munthu wosadziwa angati ndi umodzi mwa mizere ya mwalawo. Chinatsala ndi ng'ala yanga ya waya ija.

"Apa pali njira ziwiri," anatero a Fumbi. "Ndikhoza kuwalitsanso pakhale ngati galasi. Koma dziwani kuti pagalasi dontho lililonse la ndimu lidzasiya chizindikiro choonekera pakhomo. Kapena ndipale pamwamba ponse pakhale posalala koma posawala. Pamenepo zipsera zimabisala. Khitchini yophikiramo tsiku ndi tsiku ine ndimalangiza yachiwiriyi."

Mpongozi anayendetsa chikhato pamwalapo nthawi yaitali. "Ine ndinkafuna wowala," anatero motsitsa. Kenako, "Palani."

Ntchitoyo inatenga m'mawa wonse. Atamaliza anatsuka ndi madzi, phala loyera la mwala lili ponseponse. Mpongozi anawerama n'kutulutsa botolo lobiriwira lija.

"Dikirani ndipopere ili, ndinagulira mwala womwewu."

"Limenelo ayi!" Mawu anatuluka okha, aakulu kuposa mmene ndimalankhulira m'nyumba ya eni.

"Amayi, palembedwa apa kuti ndi la kukhitchini."

"Tembenuzani, mayi," anatero a Fumbi. "Tizilembo tating'ono ta pansito."

Anatembenuza. Analiyandikitsa kumaso, milomo ikuyenda. Anawerenga kawiri, ndinaona maso akubwerera pamwamba. Kenako analiika pansi pang'onopang'ono, kutali ndi mwala.

"Nanga ndigule liti?"

"Musagule lililonse. Madzi ofunda, kadontho ka sopo wa mbale, kansalu kofewa, kenako kansalu kouma. Podula, dulirani pathabwa. Poto wotentha akhale pa kamphasa. Chikatayika, musachipake uku ndi uku, chinyamuleni ndi kansalu nthawi yomweyo, osati mukamaliza kudya. Pakapita miyezi, donthezani madzi pang'ono muone: akaima ngati mkanda, zili bwino, mwala ukada pansi pake, ndiitaneni ndidzapakenso mankhwala. Basi. Chovuta n'chakuti pamafunika munthu amene amakhala muno."

Mpongozi anatenga beseni, anaikamo mabotolo anayi, lobiriwira pamwamba, n'kupita nawo ku kabati ya kubafa. Anasiya lachikasu lokha. Pobwera anaima pakhomo akupukuta manja pa siketi.

"Mayi wantchito uja abwerabe," anatero akuyang'ana sinki, osati ine. "Azichapa ndi kukolopa, mawondo anu aja ndimawamva mukamadzuka. Muno asamalowe. Muno ndi mwanu. Koma Amayi, chinthu mukachiopa, muzindifunsa kaye musanachifunditse."

"Ndamva. Inunso muzindifunsa musanandipumitse."

Anaseka pang'ono, kamodzi kokha, kudzera m'mphuno.

Mwala utauma, a Fumbi anapaka mankhwala otseka aja ndi kansalu, anadikira kuti amwe, anapukuta otsala, n'kupakanso kachiwiri. Ananunkha ngati penti, ndinatsegula mawindo onse ndipo ndinawauza kuti asayatse fodya. Ponyamuka anati mpaka mawa nthawi ngati yomweyo pasagwe ngakhale dontho la madzi, ndipo pasafundidwe chilichonse. Mawu omalizawo ananena akundiyang'ana.

Ndinakoka mpando n'kuuika pakati pa chitseko cha khitchini, ndinakhala ndi nyemba zanga zosankha pamiyendo. Posakhalitsa mpongozi anabwera atavala za kuntchito, kapu ili m'manja.

"Ndingotunga madzi akumwa, Amayi."

"Mpopi wa panja ukutuluka."

"Ndisamala, sindidontheza."

"Aliyense amene anadontheza ananena zomwezo. Panja, mayi."

Anaima pang'ono, anayang'ana mwala wake podutsa pamutu panga, kenako anatembenuka ndi kapu yake kulowera kuseri.